Dzina ndi mlowam'malo m'Chingerezi: chifukwa chake "my wife he" savuta kutuluka pakamwa

Achimwene ena a ku Chilobwe, omwe masana amayendetsa galimoto ya kampani ina ku Makata ndipo madzulo amalowa m'kalasi kuti alembenso mayeso a MSCE, afunsa motere: "Tanthauzo la noun ndi pronoun ndinaloweza kalekale ndili ku pulayimale. Koma chimangirizo chilichonse chomwe ndalemba chimabwerako chili psuu ndi cholembera cha aphunzitsi. Sabata yatha anandidula pa 'My wife he sells tomatoes at Limbe market' ndi pa 'My father they came yesterday.' Kodi mawu awiriwa amasiyana pati kwenikweni, ndipo ineyo ndimaphonya pati?"

Achimwene, zomwe munalowezazo si zabodza. Noun ndi dzina, mawu otchulira munthu, malo, chinthu kapena ganizo, monga "teacher", "Limbe", "tomato", "poverty". Pronoun ndi mlowam'malo, mawu oimira dzina kuti tisamangolibwerezabwereza, monga "he", "she", "it", "they". Tanthauzo limeneli likhoza kukupatsani malikisi pa funso lachidule, koma silikuuzani chochita mukagwira cholembera kuti mudzaze masamba awiri. Ndaphunzitsa Chingerezi m'sukulu za sekondale za muno mu Blantyre kwa nthawi yaitali, ndipo ziganizo ngati zanuzo ndimakumana nazo kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ngakhalenso m'makalata ofunsira ntchito a anthu odutsa ku koleji. Sikuti mutu wanu ndi wouma ayi. Malamulo omwe mwatsatira m'ziganizo zonse ziwiri ndi a Chichewa, ndipo mwawatsatira bwino lomwe. Mawu okha ndiwo a Chingerezi. Nkhaniyi ndi yofunika kuikhalira pansi, paja satifiketi ya MSCE sapereka kwa munthu yemwe walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza chotani maphunziro enawo.

Tiyambire apa: dzina limabwera ndi tanthauzo lakelake, pomwe mlowam'malo amachita kubwereka. Ndikalemba "minibus" pa bolodi, kalasi yonse yaiona kale m'maganizo, ndi kondakitala yemwe atalendewera pakhomo. Ndikalemba "it", palibe chomwe aona. Mwina ndi minibasi, mwina nthenda, mwina mbuzi. Mlowam'malo ali ngati mwana wotumidwa ku golosale kukatenga shuga pangongole: mwini golosale sapereka kanthu asanafunse kuti "wakutuma ndani?" Wowerenga chimangirizo chanu amafunsa funso lomweli pa "he" aliyense ndi "it" aliyense. Akapanda kupeza dzina lomwe latuma mawuwo, kapena akapeza mayina awiri akulimbirana, basi mwamutaya. Taonani ichi: "Chikondi told Mphatso that he had passed." Wakhoza ndani? Ngati onse awiri ndi anyamata, palibe angakuuzeni. Pamenepo bwerezani dzina, musachite nazo manyazi. Aphunzitsi ena amaopseza ana kuti kubwereza dzina ndi mlandu, mpaka mwana amadzaza ndime yonse ndi ma "he" oimira anthu atatu osiyana. Ine ndikamachonga, bola ndione dzina kawiri kusiyana n'kuti ndizibwerera m'mbuyo kusakasaka mwiniwake wa "he".

Pali kusiyana kwina koonekera ndi maso, ndipo n'komwe kumapulumutsa pa mayeso mukakayikira mawu. Dzina la Chingerezi limalola zinthu zomwe mlowam'malo amakana. Limalola "a", "an" kapena "the" patsogolo pake: "a driver", "the driver". Limalola mfotokozi: "a careful driver". Limachuluka ndi "s": "drivers". Limaonetsa umwini ndi kachizindikiro kaja kokhala ngati mpatuliro wam'mwamba: "the driver's licence". Yesani zomwezo pa "he" muone. "The he" kulibe. "A careful he" kulibe. Akachuluka amasanduka mawu ena kotheratu, "they", ndipo umwini wake ndi "his". "He's" alipo ndithu, koma ndi chidule cha "he is" kapena "he has", sanena za umwini.

Si mayina onse omwe amalola zonsezi. "Blantyre" safuna "a" kapena "the". Ndiye pali kagulu kamakani ka "furniture", "luggage", "advice", "information", "equipment", komwe kamakana "s", ngakhale mungaone "furnitures" atalembedwa ndi penti pa zikwangwani za akalipentala m'mbali mwa msewu. Mlowam'malo wa mawu amenewa ndi "it". Ife timaganiza za mipando yambiri n'kulemba "I bought them", pomwe Mngerezi amati "The furniture is new. I bought it in Ndirande."

Mayina amabadwa tsiku ndi tsiku. Chaka cha 2013 chisanafike palibe ankadziwa mawu oti Cashgate, lero ndi mwana yemwe amawadziwa. Nyuzipepala za Chingerezi za m'dziko muno zimalemba "kabaza", "ganyu", "nsima" pakati pa ziganizo zawo popanda kupepesa, ndipo mawuwo amagwira ntchito ngati dzina lina lililonse. Alowam'malo ndi ochepa, onse akhoza kukwana pa tsamba limodzi la kope lanu, ndipo salandira mlendo wamba. Mayina mudzakalamba mukuphunzirabe atsopano, koma alowam'malo mndandanda wawo mukhoza kuumaliza madzulo amodzi. Chovuta si kuwadziwa, koma kuwaika pamalo pake.

Tsopano tibwere pa chiganizo chanu choyamba. Mu "My wife he sells tomatoes" muli zolakwika ziwiri, ndipo mwina aphunzitsi anu anangodula chimodzi. Ngakhale mutasintha n'kulemba "My wife she sells tomatoes", chikhalabe cholakwika. Chifukwa chake chili m'mneni wa Chichewa. Tikati "Mkazi wanga amagulitsa tomato", mneni "amagulitsa" wayamba ndi "a", yemwe akuloza kwa mkaziyo ngakhale dzina lake lili pompo. N'chimodzimodzi "Chimanga chauma", "Nyumba yagwa", "Mitengo ikuphuka". Mneni wathu sayenda wopanda mgwirizanitsi. Khutu lathu linazolowera kumva kamawu kenakake pakati pa dzina ndi ntchito yochitikayo, ndiye tikalowa m'Chingerezi timamva ngati pali dzenje, n'kulitseka ndi "he", "she" kapena "they". N'chifukwa chake mumamva "My brother he is working in Limbe" ndi "The children they are playing". Chingerezi cholemba chili ndi malo amodzi okha a mwininkhani. Mukaikapo dzina, mlowam'malo asaonekenso. Mukaikapo mlowam'malo, dzina lichoke. "My wife sells tomatoes", apo ayi "She sells tomatoes".

Onaninso kuti "she" sanalowe m'malo mwa "wife" yekha, walowa m'malo mwa "my wife" yense. Izi mabuku a ku pulayimale satsindika. Ngakhale gulu la mawu litalike chotani, monga "the tall woman who sells tomatoes at Limbe market", lonselo limachoka n'kusiya "she" mmodzi.

Kubwereza kotereku kumachitikanso kumapeto kwa chiganizo. Timati "munthu amene ndinamuona", ndipo "mu" wa mkati mwa mneniyo amaloza kwa munthu yemweyo. Wophunzira amamunyamula "mu" ameneyu n'kulemba "the man whom I saw him", kapena "the book which I bought it". Pamenepa "whom" ndi "which" ndi alowam'malo kale, agwira kale ntchito yoimira munthuyo ndi bukulo, choncho "him" ndi "it" alibe pokhala. Zolondola ndi "the man whom I saw" ndi "the book which I bought".

Mgwirizanitsi yemweyu amatipusitsanso mwa njira ina. Poti mneni wathu amanyamula kale mwininkhani, "Akubwera mawa" ndi chiganizo chathunthu. "Is coming tomorrow" si chiganizo. Malo a mwininkhani aja sayenera kukhala anthu awiri, komanso sayenera kukhala opanda munthu. Chingerezi chimaumirira zimenezi mpaka chimaika mlowam'malo pomwe palibe choimira. Mu Juni, chiperoni chikaphimba phiri la Soche, ife timangoti "Kukuzizira". Iwo amati "It is cold". Mukafunsa kuti "it" ameneyu akuimira dzina liti, yankho palibe. N'chimodzimodzi "It is raining" ndi "It is ten o'clock". Apa tanthauzo lija munaloweza lathera panjira, chifukwa mlowam'maloyu wangobwera kudzadzaza malo.

Cholakwika chachiwiri ndi "he" wa akazi anuyo. Chichewa chimagawa mayina m'magulu, aja munaphunzira a Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti ndi ena, ndipo palibe gulu ngakhale limodzi lofunsa ngati munthu ali wamwamuna kapena wamkazi. "Iye" ndi aliyense. Ndi mayina athu omwe, Chikondi, Mphatso, Chisomo, Madalitso, amapita kwa anyamata ndi atsikana omwe. Dzina la Chingerezi nalo nthawi zambiri silinena kanthu: "teacher", "nurse", "driver", "cousin" akhoza kukhala bambo kapena mayi. Koma mukangofika pa mlowam'malo wa munthu mmodzi, chiyankhulocho chimakukakamizani kusankha: "he" kwa mwamuna, "she" kwa mkazi, "it" kwa chinthu. Mzungu wophunzira Chichewa amatuluka thukuta lomwelo ndi magulu athu, mpaka kunena "nyumba langa". Inu mukudziwa bwinobwino kuti mkazi ndi "she". Chimachitika n'choti maganizo akamathamangira nkhani, dzanja limangotola mlowam'malo yemwe ali pafupi. Izi sizitha ndi kuwerenga lamulo kachiwiri. Zimatha ndi kuzolowetsa lilime. Mukakhala nokha m'galimoto kudikira katundu, fotokozani mokweza za tsiku la akazi anu m'Chingerezi, kuyambira podzuka mpaka poweruka kumsika, chiganizo chilichonse chikhale ndi "she" kapena "her". Mawa lake fotokozani za achimwene anu.

Angerezi nawonso zinthuzi sanabadwe nazo zili chonchi. M'Chingerezi chakalekale mwamuna anali "he", mkazi "heo", anthu ambiri "hie", mawu oyandikana kwambiri m'khutu. "She" anayamba kuoneka m'zolembedwa cha pakati pa zaka za m'ma 1100. "They", "them" ndi "their" anachita kubwereka ku chiyankhulo cha ma Viking, anthu ochokera ku Scandinavia omwe anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England kuyambira m'zaka za m'ma 800.

Pomwe pamagwa anthu ambiri, ngakhale olankhula Chingerezi chothyakuka, ndi pa "his" ndi "her". Mvetserani mmene Chichewa chimachitira: buku lake, nyumba yake, chipewa chake, mwana wake. Chomwe chikusintha mawu a umwiniwa ndi chinthu chomwe munthuyo ali nacho. Mwiniwakeyo kaya ndi bambo kaya ndi mayi, sizikhudza kanthu. Chingerezi chimachita zosemphana, chimayang'ana mwini, chinthucho osachilabadira. Ndiye wophunzira akafuna kunena kuti Mary anabwera ndi mwamuna wake, maso ake amagwera pa "husband", amaona kuti ndi mwamuna, n'kulemba "Mary came with his husband". Walakwa chifukwa wagwirizanitsa ndi mawu akutsogolo monga achitira m'Chichewa. Zolondola ndi "her husband", poti mwini ndi Mary. Mwa njira yomweyo, "John loves his mother", ngakhale mayiwo ali aakazi. Musanalembe "his" kapena "her", chewukani muone mwini.

Chiganizo chanu chachiwiri, "My father they came yesterday", ndi cha munthu woleredwa bwino. Kwathu kuno bambo sitiwatchula ngati mwana. Timati "Abambo anabwera dzulo", timati "iwo", timati "inu". Koma "they" wa Chingerezi amangowerenga mitu, za ulemu sadziwa. Wochonga akaona "they" amaganiza kuti abwera anthu angapo, n'kuyamba kufunafuna enawo. Lembani "My father came yesterday. He brought a bag of maize." Ndikudziwa kuti zimaluma. Ophunzira ambiri amandiuza kuti kunena "he" kwa bambo awo kumamveka ngati kuwatchula "iwe". M'Chingerezi mulibe mwano umenewo. Mfumu, bishopu, pulezidenti, aliyense ndi "he" kapena "she". Ulemu wawo amauika kwina, pa "Mr", "Mrs", "Sir", "Madam", ndi pa kapemphedwe monga "could you" ndi "would you mind".

Chosangalatsa n'choti kale Chingerezi chinali nawo "iwe" ndi "inu" wake. "Thou" anali wa munthu mmodzi, ndipo m'kupita kwa nthawi anasanduka wa mwana, mnzako wapamtima kapena wantchito. "You" anali wa anthu ambiri komanso wa munthu wolemekezeka. Anthu anayamba kuopa kunyoza anzawo ndi "thou", ndipo pofika m'ma 1700 anali atazimirira m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku cha anthu ambiri. Anatsalira m'Baibulo la King James la 1611 ndi m'nyimbo zakale za m'tchalitchi, n'chifukwa chake lero "thou", "thee" ndi "thy" amamveka ngati mawu aulemu woposa. Choncho mukati "you" kwa abwana anu, mwagwiritsa ntchito "inu" wakale uja. Umboni wake ndi mneni: ngakhale mukulankhula ndi munthu mmodzi mumati "you are", osati "you is".

Pali malo amodzi pomwe "they" amaimira munthu mmodzi ndipo n'zololedwa: pamene simukumudziwa munthuyo, kapena simukufuna kunena ngati ali mwamuna kapena mkazi. "Somebody left their umbrella in the minibus." Kalankhulidwe aka n'kakale, kakupezeka m'zolembedwa za m'ma 1300. Koma bambo anu mukuwadziwa, ndiye sakulowa m'gulu limeneli.

Kusiyana kwina kwakukulu n'koti dzina silisintha maonekedwe likasintha ntchito m'chiganizo, pomwe mlowam'malo amasintha. "The teacher called the boy. The boy called the teacher." Mayina awiriwo angosinthana malo, kalembedwe kake n'komweko. Ikanipo alowam'malo, aphunzitsiwo akhale aakazi: "She called him. He called her." Akakhala mwininkhani ndi "I", "he", "she", "we", "they", "who". Akakhala pamtherankhani, kapena akatsatira mperekezi monga "to", "for", "with", "between", ndi "me", "him", "her", "us", "them", "whom". "You" ndi "it" sasintha. Kalekale mayina a Chingerezi ankasinthanso kumapeto kwake motere, koma zimenezo zinafufutika pang'onopang'ono, makamaka m'zaka mazana angapo zotsatira 1066, pomwe Anormani ochokera ku France analanda England. Chinatsala ndi "s" wa umwini uja. Alowam'malo okha ndiwo anakakamira zakale.

Palibe amalemba "Me went to Chichiri". Koma mukangowonjezerapo mnzanu, ambiri amalemba "Me and my friend went to Chichiri". Ena, poopa kudulidwa pamenepo, amathawira mbali inayo n'kumaika "I" paliponse: "The manager called John and I", "between you and I". Njira yodziwira ndi yosavuta. Bisani munthu winayo ndi chala, muwerenge chotsalacho. "Me went" sizikumveka, ndiye ndi "My friend and I went". "The manager called I" sizikumveka, ndiye ndi "John and me". Pa "between" nthawi zonse ndi "you and me".

"Myself" naye timamuzunza. Ntchito yake yeniyeni ndi ija ya "dzi" wa mu "wadzicheka": "She cut herself", "I blamed myself". Amagwiranso ntchito yotsindika, ngati tikati "ndinakonza ndekha": "I repaired it myself". Koma ife timamusandutsa "ineyo", n'kuyamba chiganizo ndi "Myself I stay in Chilobwe". Pocheza palibe adzakuimitseni. Pa pepala la MANEB lembani "I stay in Chilobwe" basi.

Za kachizindikiro kam'mwamba kaja ndinene mwachidule. Dzina limakafuna poonetsa umwini: "the dog's tail". "Its", "hers", "ours", "yours" ndi "theirs" sakafuna. "The dog wagged its tail." Mukaona "it's", ameneyo ndi "it is" kapena "it has".

Msampha womwe umabwerabwera pa mafunso ofuna kuti mutchule mtundu wa mawu ndi wa "my" ndi "mine". Uwu Chichewa chikuthandizani. Mu "Buku langa latayika", "langa" watsamira pa dzina, akulifotokoza. Mu "Langa latayika", waima yekha, dzina palibe, ndiye ndi mlowam'malo. Chingerezi chimangopatsa ntchito ziwirizi mawu osiyana: "my book" koma "mine is lost", "her house" koma "hers is bigger". Mabuku ambiri a sukulu amaika "my", "your", "our" ndi "their" m'gulu la afotokozi aumwini, "mine", "yours", "ours" ndi "theirs" m'gulu la alowam'malo. "This" ndi "that" amachitanso chimodzimodzi popanda kusintha kalembedwe. Mu "That minibus is full" akufotokoza minibasi. Mu "That is mine" waima yekha. Choncho musathamangire kutchula mtundu wa mawu musanaone chomwe chawatsatira.

Chimangirizo chofiira chija musachitaye. Tengani pensulo, muzungulize "he", "she", "it" ndi "they" aliyense, pamodzi ndi anzawo monga "him", "her" ndi "them", kenako mujambule muvi kuchoka pa iye kupita pa dzina lomwe akuimira. Pa muvi uliwonse onani ngati dzinalo ndi la mwamuna, mkazi kapena chinthu, ngati ndi mmodzi kapena ambiri powerenga mitu osati ulemu, ndiponso ngati dzinalo silili pafupi pomwepo kuchita ntchito yomweyo. Chitaninso zomwezi pa nkhani ya kukhoti mu The Nation kapena The Daily Times. Nkhani za kukhoti ndi zabwino pa ntchito imeneyi chifukwa mumakhala anthu ambiri, woweruza, wozengedwa mlandu, loya, mboni, ndipo mudzaona mmene mtolankhani amabwererera ku dzina nthawi iliyonse yomwe "he" angasokoneze. M'chimangirizo chanumo, muvi ukasowa kolowera kapena ukaloza mayina awiri, fufutani mlowam'maloyo mulembepo dzina. Ma "it" a nyengo ndi a nthawi aja okha ndiwo muwasiye opanda muvi.